Munda wa pamtsetse ku Thyolo ndi Mulanje: vetiva, ngonyeka, mtayakhasu kapena mitengo?

Amayi anga amati m'munda mwawo mukumera miyala. Mundawo uli pamtsetse, cha ku Masambanjati mukamatsikira ku Thekerani, ndipo sukwana ekala imodzi. Tili ana tinkalimamo khasu osakhudza mwala. Lero ukangotema kawiri, khasu lalira kale. Dothi limene linkaphimba miyalayo ndi limene linapita, dzinja ndi dzinja, mpaka za pansi zinaonekera. Amene anaimapo pa mlatho wa Thuchila kapena wa Nsuwadzi mwezi wa Januwale akudziwa kumene linalowera, chifukwa madzi ake amakhala psuu ngati thobwa.

Lipoti limene boma linatulutsa mothandizana ndi FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Chiwerengero chimenecho n'cha dziko lonse, kuphatikizapo zigwa zafulati kumene madzi amayenda mwaulesi. Kwathu kuno vuto limakula chifukwa cha kuchepa kwa malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 ku Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, pamene malo ambiri abwino ali ndi tiyi wa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda. Palibe amene angagoneke munda kuti upume. Anthu anakwera ndi makasu m'mitsetse imene agogo athu ankangodulamo udzu ndi kutolamo nkhuni.

Njira zosamalira nthaka zabwera zambiri, ndipo aliyense wobwera nayo amaitama ngati ndi yokhayo. Ine ndaziona zikuyesedwa m'munda mwa amayi ndi m'minda ya oyandikana nawo, zina zikugwira, zina zikuwononga. Chimene ndaphunzira n'chakuti pamtsetse ntchito yoyamba ndi kugwira dothi, chonde chibwere pambuyo, ndipo njira imene yapulumutsa chimanga kuchigwa cha Thuchila ikhoza kugumula munda ku Thekerani. Kummwera kwa phiri la Mulanje, ku Lujeri, Mimosa ndi Muloza, mvula imatha kupitirira mamilimita 2,000 pachaka, kuwonjezera chiperoni cha mu Juni ndi Julayi. Kuseri kwa phiri, mukamalowera ku Phalombe, mvula imachepa ndipo ng'amba ya mu Januwale imapserezadi mbewu. Wa kuchigwa akufuna madzi akhale m'munda. Wa pamtsetse wa mvula yambiri akufuna madzi atuluke pang'onopang'ono, dothi alisiye.

Akalozera: poyambira pa zonse

Akuluakulu ena akamva za akalozera amachita tsinya, ndipo ali ndi chifukwa. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kukumba milambala pansi pa malamulo a malimidwe, wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Kuno kumene anthu anali kale ndi mabala a thangata, milambala inadedwa limodzi ndi eni ake. Koma madzi sasintha khalidwe chifukwa cha amene analamula. Mzere wolozetsa kumunsi ndi ngalande, ndipo mzere wopingasa mongoyerekeza ndi maso umakhala ndi polowa pamene madzi onse amathamangira.

Kalozera ndi mzere waukulu umene umadutsa m'munda mopingasa pamlingo umodzi, kuti mizere ina yonse izitsatira iwo. Kuti muupeze simufunika ndalama. Mitengo itatu yomanga ngati chilembo cha A, chingwe ndi mwala wolendewera pakati, basi. Imikani chipangizocho pansi, chongani pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa, tembenuzani miyendo kuti isinthane malo, chonganinso, ndipo pakati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene pali mlingo. Mukatero mumayenda nacho m'munda mukukhoma zikhomo. Alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) amakhalanso ndi levulo ya pachingwe, imene imafulumira ngati muli anthu atatu. Pamene patsetsereka kwambiri akalozera ayandikane. Ntchitoyi ichitike chilimwe, mu Ogasiti kapena Seputembala, musanayambe kuunga mizere, kuti mizere ya chimanga ya masentimita 75 ija igwe motsatira.

Kufooka kwa kalozera n'kwakuti ndi dothi chabe. Mvula yamkuntho ikamuboola pamalo amodzi, madzi onse amene anawagwira amatulukira pamenepo ndi mphamvu, n'kuboola mzere wapansi, ndi wapansinso, ndipo m'mawa mumapeza chigwembe chimene dzulo panalibe. Choncho kalozera wopanda chomera pamwamba pake ndimamuwerengera ngati ntchito ya theka.

Chobzala pa kalozera

Apa ndi pamene pali kusankha kwenikweni, ndipo ine ndili kumbali ya udzu wa vetiva.

Vetiva mizu yake imalowa pansi molunjika, mamita awiri kapena atatu, m'malo moyanga m'mbali. N'chifukwa chake chimanga cha mzere woyandikana naye sichivutika kwenikweni. Mtundu umene timabzala kuno subereka njere zomera, ndiye sufalikira m'munda ngati udzu wina. Pamene mwaubzala ndi pomwepo. Moto ukadutsa amaphukanso. Mbuzi ndi ng'ombe zimangodya nsonga zanthete, zikasiya tsinde. Ndipo amachita chinthu chimene dothi lokha silingachite: sagwira madzi ngati damu, amawasefa. Madzi amafika pampanda wa vetiva, liwiro limatha, dothi limakhala kumtunda kwa mpandawo, madzi n'kudutsa pang'onopang'ono m'litali monse. Pakapita zaka zingapo mumaona sitepe ikupangika yokha, kumtunda kwa udzu kwakwera, munda ukuyamba kukhala ngati makwerero. M'munda mwa amayi, mzere wa vetiva umene tinabzala poyamba uli ndi sitepe yofika m'bondo, ndipo dothi lonselo likanakhala lili mumtsinje.

Anthu ambiri amene amati vetiva sagwira ntchito anamubzala motalikirana ngati chimanga. Zulani phata, ligaweni kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mphukira ziwiri kapena zitatu, dulani masamba atsale ngati masentimita 20, ndipo bzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kutanthauza chikhatho chimodzi. Bzalani mu Disembala kapena Januwale nthaka itanyowa bwino. Pamene pafa, bwezerani msanga, chifukwa mpata umodzi pampanda umasanduka khomo la madzi onse. Dzinja loyamba musayembekezere zambiri. Mpanda umatsekana bwino m'chaka chachiwiri. Dandaulo loti mumabisala mbewa ndi njoka ndi loona ngati mwamulekerera. Muzimumweta afike m'bondo, udzuwo mufolere khola kapena muphimbire m'munda. Vuto lina ndi mbewu: munda wa ekala umafuna yambiri. Ife tinapempha mapata ochepa kwa mlimi wachitsanzo wa m'mudzi woyandikana nawo, tinawachulukitsa m'mphepete mwa dimba chaka chimodzi, kenako n'kuyamba ndi akalozera awiri akumtunda.

Nsenjere ndi mpikisano wake wamkulu, makamaka kwa oweta ng'ombe zamkaka za m'khola ku Bvumbwe, Goliati ndi madera ozungulira. Kwa iwo nsenjere ndi chakudya cha ng'ombe, ng'ombe ndi mkaka ndi ndowe, ndipo sindingawauze kuti azule. Koma nsenjere ndi wadyera. Amayanga, amadya chinyezi ndi chakudya cha mizere iwiri yoyandikana naye, ndipo mapata ake amasiya mipata pansi pamene madzi amadutsa. Ngati mulibe ng'ombe, musamulowetse m'kati mwa munda. Ngati muli nayo, muikeni m'malire ndi m'mphepete mwa zigwembe, pa akalozera pakhale vetiva.

Ku Mulanje ena amabzala nanazi pa kalozera. Ubwino wake ndi woonekeratu, mzerewo umabweretsa ndalama. Koma mizu ya nanazi ndi yosaya, ndipo pamtsetse woopsa mzere umodzi sugwira kanthu; pamafunika mizere iwiri yothinana, makamaka kumunsi kwa mpanda wa udzu. Kumene kuli miyala yambiri, monga m'tsinde mwa phiri, kuiyala mopingasa kumayeretsa munda komanso kumagwira dothi tsiku lomwelo. Ndi ntchito yothyola msana, koma siifuna kudikira kuti imere.

Chinthu chimodzi chimaposa zonsezi. Madzi amene amawononga munda wanu nthawi zambiri si amene agwa m'munda mwanumo. Amachokera pamsewu, padenga la malata, panjira ya kuchitsime, m'malire a minda. Njira za m'malire ndi zimene zimayamba kusanduka zigwembe, chifukwa aliyense amakokera dothi kwake n'kusiya ngalande pakati. Njirazo zikwezedwe zikhale pamwamba pa mizere. Ndipo ngati wa kumtunda kwanu mizere yake ikuloza kumunsi, vetiva wanu adzalimbana ndi madzi a minda iwiri. Mutu umodzi susenza denga. Nkhani ya mtsetse ndi yofunika kukambirana kwa amfumu, mtsetse wonse pamodzi, kuyambira pamwamba.

Ngonyeka, maenje ndi ngalande zosunga madzi

Njira izi ndi za banja limodzi: zonse zimatsekera madzi m'munda kuti alowe pansi. Ngonyeka ndi timizere totseka m'khwawa mwa mizere, munda n'kukhala ngati mabokosi. Ulimi wa m'maenje ndi kukumba maenje, kuthiramo manyowa n'kubzala momwemo. Ngalande zopingasa zimagwira madzi othamanga n'kuwamwetsa nthaka. Kuchigwa cha Thuchila, ku Kamwendo ndi kulowera ku Phalombe, njirazi ndi zamtengo wapatali. Ng'amba ya milungu iwiri ikagwa chimanga chikumasula, cha m'maenje chimakhala chili chiimire pamene cha pamzere wamba chapota masamba. Manyowa ochepa amapitanso patali chifukwa ali pamizu penipeni.

Pamtsetse wa mvula yambiri nkhani imatembenuka. Achimwene anga anakaona ngalande zoterezi kuchigwa, zinawasangalatsa, ndipo anadzakumba imodzi yakuya pakati pa gawo lotsetsereka kwambiri la munda wa amayi. Mvula wamba inkaigwira bwino. Namondwe Ana atabwera mu Januwale 2022, ngalandeyo inadzaza, nthaka ya kumunsi kwake inakhuta madzi n'kulemera, ndipo chigawo chonse chinatsetsereka ndi chimanga chomwe. Pamalopo panatsala katondo wolimba amene mpaka lero timalimbana naye. Dothi la pamtsetse likamwa madzi mopitirira limasiya kugwirana ndi la pansi pake. Choncho kumene mvula ndi yambiri ndipo munda ndi woimirira, ngonyeka zikhale zazifupi kuposa mzere kuti madzi akachuluka adumphe n'kuyenda m'khwawa, ndipo pakhale njira yobzalidwa udzu yotulutsira madzi otsala. Maenje ndi ngalande zakuya zisiyireni a kufulati. Ngakhale kuchigwa komweko, pa dothi la makande limene limasunga madzi, chaka cha mvula yambiri chimanga cha m'maenje chimachita chikasu chifukwa cha lowe.

Mtayakhasu

Ulimi wa mtayakhasu, umene ena amati mleranthaka, uli ndi mfundo zitatu: osagaula nthaka, kuiphimba ndi mapesi, ndi kusinthasintha kapena kusakaniza mbewu. Nzeru yake ndi yoona. Dontho la mvula likamenya dothi lopanda kanthu limaliphwanya, ndipo kukokoloka kumayambira pamenepo. Likagwera pa phesi, mphamvu yake imathera pomwepo. Pansi pa mapesi chinyezi chimakhalitsa, nyongolotsi zimabwerera, ndipo ntchito younga mizere chaka ndi chaka imatha, zimene kwa mayi wokalamba wopanda ndalama ya ganyu ndi mpumulo waukulu.

Komabe ndaona minda yambiri ya mtayakhasu ikuyamba ndi chikwangwani m'mphepete mwa msewu, pulojekiti ikatha mizere n'kubwerera. Zifukwa zake ndi za kwathu konkuno. Choyamba ndi mapesi. Kuno nkhuni ndi zosowa. Mapesi ndi zitsononkho ndi zimene zimaphika nsima miyezi ingapo. Munda waung'ono wa chimanga chofooka sutulutsa mapesi okwanira kudziphimba wokha, ndiye anthu amakatuta a m'minda ina, kuvula wina kuti aveke wina. Otsalawo chiswe chimawadya mvula isanagwe, kapena anyamata osaka mbewa amawatentha. Chachiwiri ndi udzu: zaka zoyamba umamera kwambiri, ndipo popanda mankhwala opha udzu, amene ndi ndalama, kupalira kumakhala kowawa kuposa kale.

Chachitatu sichitchulidwa kawirikawiri pamisonkhano. Munda wa ku Thyolo kapena Mulanje si wa chimanga chokha. Muli chinangwa, mbatata, nandolo, kalongonda, nyemba, maungu, zonse pamodzi. Chinangwa ndi mbatata zimafuna mzere ndipo pokolola umakumba. Ku Matapwata ndi madera ena alimi amachita mbwera, kusalaza dothi chimanga chikamakhwima kuti abzale nyemba kapena nsawawa zodalira chiperoni. Kuuza banja lotere kuti litaye khasu ndi kuliuza kuti litaye chakudya cha miyezi ya njala. Ine maganizo anga ndi akuti titengeko mfundo yophimba nthaka, imene ndi yofunika koposa pa zitatuzo, osatentha chinyalala chilichonse cha m'munda, ndipo kusagaula tikuyese pa kagawo kamodzi ka chimanga ndi nandolo, pakati pa mipanda ya vetiva. Pamtsetse woopsa mapesi okha amakokoloka limodzi ndi dothi ngati palibe chowagwira.

Nandolo ndi mitengo yobwezera chonde

Tisanapite kutali, mtengo wobwezera chonde umene tili nawo kale ndi nandolo. Mizu yake imaboola dothi lolimba la pansi pa mizere, imaonjezera nayitirojeni, masamba ake amayoyoka n'kuphimba nthaka, ndiwo timapeza, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Nandolo wa mtundu wa Mthawajuni amakondedwa kuno chifukwa amacha msanga ndipo tsinde lake ndi lonenepa, labwino pamoto. Mtengo wa nandolo pamsika umakwera ndi kutsika. Ambiri akukumbukira 2017 pamene dziko la India linachepetsa kugula, nandolo n'kungodzaza m'nyumba. Koma ngakhale chaka choipa, nandolo amalipira m'dothi ndi m'khitchini. Nkhuni za nandolo zikachuluka, mapesi amatsala m'munda, ndipo mbaula ya Chitetezo imachepetsanso nkhuni zofunika. Pa njira zonse za chonde, iyi ndi imene sifuna kunyengerera munthu.

Gilisidiya amaposa nandolo pa kuchuluka kwa masamba. Ku Makoka, ku Zomba, akatswiri akhala akumulima pamodzi ndi chimanga kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zokolola zinakwera kwambiri poyerekeza ndi chimanga chopanda feteleza. Ubwino wake kwa ife a malo ochepa n'ngwakuti safuna kugoneka munda: amakhala m'munda momwemo zaka zambiri, inu n'kumamudula m'munsi, masamba n'kumakwirira pounga mizere ndi popalira. Koma amafuna khama. Ayenera kudulidwa kawiri kapena katatu pa nyengo, nthawi imene ntchito zina zili pakhosi, ndipo mukachedwa mthunzi wake umapha chimanga. Phindu limayamba kuoneka chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Mthuthu, umene ena amati ombwe, umafulumira. Mumaufesa m'chimanga, umakula chilimwe chonse, n'kuudula musanabzale. Masamba ake amathandizanso kupha tizilombo ta m'mbewu. Koma olima tomato asamale, chifukwa umasunga tizilombo totupitsa mizu timene timavutitsanso tomato, ndipo usafike mumtsinje poti umapha nsomba. Msangu ndi mtengo wabwino, umayoyola masamba dzinja pamene chimanga chikufuna dzuwa, koma umakonda zigwa zotentha ndipo umatenga zaka zambiri. Ndi wa kuchigwa, wobzalira ana.

Pa mitengo pali nkhani ina imene siili m'mabuku a alangizi. Kuno ambiri tili pa chikamwini. Munda ndi wa mkazi ndi mbumba yake. Tsiku lina ndinapeza alamu anga, amuna a achemwali, atakhala pakhonde, mbande za gilisidiya zikufota m'machubu. Nditawafunsa anati, "Alamu, ine pano ndine mlendo. Ndibzale mtengo wa zaka zitatu, mawa banja likatha ndinyamula chikwama chokha." Sindinawatsutse, chifukwa mantha awo ndi enieni. Amene anathetsa nkhaniyo ndi amalume, eni mbumba, amene anawaitana n'kunena kuti, "Bambo, ana amene adzadye za m'mundamu ndi anu. Mukabzala mukubzalira iwo, ndipo nkhuni ndi milimo ya mitengoyo palibe adzakuletseni." Mbandezo zinabzalidwa sabata yomweyo. Amene akufuna kuti mitengo imere m'minda ya kuno alankhule ndi amayi, eni minda, ndi amalume awo, osangoitana abambo kumsonkhano.

Manyowa ndi feteleza

Apa sindichedwapo. Feteleza wa m'thumba amadyetsa chimanga cha chaka chimenecho, ndipo pamtsetse wosatetezedwa gawo lina limapita ndi mvula yoyamba yamphamvu. Manyowa amadyetsa dothi lenilenilo, koma amafuna ziweto, zinyalala ndi mphamvu zotutira kumunda wokwera. Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kufundika m'thumba masiku 21, amathandiza banja limene lapeza feteleza wochepa kuti afike munda wonse. Dothi lofiira la madera a mvula yambiri limakhala ndi asidi, amene tiyi amamukonda koma chimanga ndi nyemba ayi. Pa dothi lotere feteleza sagwira mokwanira, ndipo laimu kapena phulusa zimathandiza. Kupimitsa dothi kudzera kwa alangizi kapena ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe n'kwabwino kuposa kumangoonjezera matumba. Koma zonsezi zithiridwe m'munda umene dothi lake lagwidwa kale.

Pamene chimanga chiyenera kuchoka

Pali mitsetse ina imene njira zonse tatchulazi sizikwanira. Ngati popalira mumachita kugwira chitsa kuti musagwe, malo amenewo si a mbewu yofuna kugaula chaka ndi chaka. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene munda wake ndi womwewo. Koma chimanga cha pamalo otere chimachepa chaka chilichonse mpaka kutsala miyala, ndipo ndi bwino kusintha dothi likadalipo.

Nthochi ndi zimene zinkagwira mitsetse ya Thekerani, Molere ndi Masambanjati. Mapata ake, masamba ogwa ndi mthunzi zinkaphimba nthaka chaka chonse, ndipo malole ankanyamula mikoko kupita ku Blantyre ndi Lilongwe. Matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso mbewu yodwala, anapululutsa minda, anthu n'kubwerera ku chimanga pamalo amene sankayenera chimanga. Kubwezeretsa nthochi n'kotheka, ndipo kwa ine ndi njira yoyamba pamitsetse ya kumeneko, chifukwa zimayamba kubereka patangopita chaka ndi miyezi. Koma pamafunika kuzula mapata onse odwala, mudzi wonse nthawi imodzi, n'kubzala mbewu yopanda matenda yochokera kwa a zaulimi. Phata limodzi lodwala la mnansi limabwezera matenda kwa onse.

Tiyi amaphimba nthaka bwino kwambiri, ndipo tchire lake limakhala zaka makumi ambiri. Alimi ang'onoang'ono akhala akumulima kuyambira m'ma 1960, ndipo lero ali m'magulu monga Sukambizi ndi Thuchila ku Mulanje, ndi Msuwadzi ku Thyolo. Amafuna mvula yambiri, fakitale yapafupi, ndi kupirira zaka zitatu musanayambe kuthyola kwenikweni. Zaka zoyambazo nthaka imakhala pambalambanda, ndiye mipanda ya udzu ndi zophimbira zimafunikabe. Mtengo wa masamba sukhalanso m'manja mwa mlimi mmodzi. Makademiya ndi mapeyala amachedwa kuposa apo, koma pansi pake mukhoza kulima nyemba ndi nandolo mitengo ikukula.

Bulugamu amakula msanga, amapereka milimo ndi nkhuni, amaphukanso mukadula. Malo ake ndi pamwamba pouma, pamiyala. Pafupi ndi kasupe, dimba kapena munda wa mnzanu amamwa madzi ndipo pansi pake sipamera kanthu. M'mphepete mwa mitsinje mukhale mbawa, katope, mkuyu ndi nsungwi, ndipo khasu lisafike pagombe. M'zigwembe, nsungwi ndi vetiva pamodzi ndi timipanda ta miyala kapena zikhomo zimachedwetsa madzi mpaka chigwembe chiyambe kudzaza chokha.

Ndinene poyera kuti palibe vetiva kapena kalozera amene akanaimitsa zimene zinatsika m'mapiri nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, kapena napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Miyala yaikulu ngati nyumba siimva udzu. Kumeneko nkhani ndi ya nkhalango ya pamwamba ndi ya malo omanga nyumba. Nkhalango ya phiri la Mulanje inatetezedwa ndi lamulo mu 1927, madzi a Likhubula lero akumwedwa mpaka ku Blantyre, ndipo mu 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Koma mkungudza, mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka kafukufuku wa 2017 anangopeza ikuluikulu isanu ndi iwiri, ndipo phiri la Thyolo tonse tinaliona likumetedwa. Minda ya m'munsi imalandira madzi amene nkhalango inalephera kugwira. Komabe m'masiku a Freddy omwewo, kutali ndi kumene kunadutsa zigumukire, minda ya mipanda yotsekana inatsala ndi dothi lake pamene yoyandikana nayo inang'ambika. Zimenezo ndinaziona ndi maso ku Masambanjati.

M'munda mwa amayi tsopano muli mipanda inayi ya vetiva. Gawo la pamwamba, pamene panatsetsereka paja, tinabzalapo nthochi za mbewu yatsopano ndi nsungwi ziwiri m'mphepete. Pakati pali chimanga, nandolo ndi gilisidiya wa alamu aja, mapesi osatenthedwa. Chinangwa ndi mbatata zili kumunsi kumene kwayamba kusalala, ndipo kumeneko khasu likugwirabe ntchito. Chatsala ndi chigwembe cha m'malire, chimene chimatenga madzi a pamsewu ndi a minda itatu ya kumtunda. Amfumu aitana eni minda yonseyo kuti tikumane mu Ogasiti, aliyense abwere ndi khasu, zikhomo ndi mapata a vetiva amene angapeze, tiyambire pamwamba pamene madziwo amapatukira kuchoka mumsewu.